Gibraltar: mkangano womwe pangano la 1713 linausiya osautseka

Kunsonga ya kummwera kwa dziko la Spain kuli kadera kotchedwa Gibraltar, komwe kali m'manja mwa Britain. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 6.8, kosafika ndi theka lomwe la chilumba cha Likoma, ndipo mbali yaikulu ndi chithanthwe chotalika mamita 426. Chomwe maiko amalimbirana ndi pomwe thanthwelo lidaima: pakhomo pa nyanja ya Mediterranean, pomwe Ulaya ndi Africa atalikirana makilomita pafupifupi 14 okha pamalo opapatiza kwambiri. Sitima iliyonse yochoka ku Atlantic kulowa m'nyanjayi imadutsa pamenepo.

Anthu anayamba kukhala m'mapanga a thanthweli kalekale. Mu 1848 anthu okumba miyala pa Forbes' Quarry anapeza chigaza cha munthu wamakedzana wa mtundu wa Neanderthal, zaka 8 asanatulukire mafupa a ku chigwa cha Neander ku Germany omwe anapatsa mtunduwo dzina. Phanga la Gorham ndi anzake oyandikana nalo analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2016. Amalinyero a ku Foinike ankasiya nsembe m'phanga lomwelo, Aroma nkumalitcha thanthwelo Mons Calpe, koma palibe anamangapo mzinda. Pamalopo palibe mtsinje ndipo malo olima ndi ochepa, choncho mzinda wa nthawiyo, Carteia, unali mkati mwa gombe.

Ufumu wa Roma utayamba kugwedezeka, kunabwera mtundu wa Visigoth. Anthuwa anafunkha mzinda wa Roma mu 410 motsogozedwa ndi Alaric, nakhazikika kummwera kwa France, likulu lawo lili ku Toulouse. Mu 507 Clovis, mfumu ya Afulanki, anawagonjetsa pa Vouillé, ndipo mphamvu zawo zinasamukira ku Spain komwe Toledo anadzakhala likulu. Mu 589 mfumu Reccared ndi akuluakulu ake analengeza pamsonkhano wa mabishopu ku Toledo kuti alowa Chikatolika, ndipo cha m'ma 624 mfumu ina, Suintila, inachotsa asilikali a ufumu wa Byzantium omwe anali atagwira gombe la kummwera kuyambira mu 552. Apa mpomwe pafupifupi dera lonse la Spain ndi Portugal linakhala pansi pa mfumu imodzi ndi mpingo umodzi, ndipo mafumu a m'mbuyo mwake a Castile, ufumu wa Chikhristu wa ku Spain, ankaloza nthawi imeneyi pomwe ankati polanda madera a Asilamu akungobweza zomwe zinali zawo.

Nthenda ya ufumuwu inali pa kalowedwe ka mpando. Ufumu sunali wosiyirana m'banja mokhazikika. Mfumu inkasankhidwa ndi nduna ndi mabishopu, ndipo nduna yokhala ndi asilikali okwanira inkatha kungolanda. Wittiza atamwalira cha m'ma 710, Roderic anatenga mpando ku Toledo pomwe Achila ankalamulira kumpoto chakummawa. Ali mkati mogawanika chonchi, mu 711 Tariq ibn Ziyad, yemwe ankayang'anira Tangier, anaoloka ndi gulu la nkhondo la Asilamu, ambiri mwa iwo a mtundu wa Berber. Mabuku akale a Chiarabu amati analipo ngati 7,000. Roderic anagonja pankhondo ya ku Guadalete chaka chomwecho, ndipo pasanathe zaka 10 ufumu wonse unali utatha. Thanthwelo linatchedwa Jabal Tariq, phiri la Tariq, komwe kunachokera dzina la lero.

Mzinda weniweni unamangidwa mu 1160 molamulidwa ndi Abd al-Mu'min, wolamulira wa Chisilamu wa ku Morocco. Castile anaulanda mu 1309, Asilamu a ku Morocco nkuubweza mu 1333, ndipo mfumu Alfonso XI inafera pamsasa ndi mliri mu 1350 ikuyesa kuutenganso. Unagwa komaliza m'manja mwa Castile mu 1462. Tikawerenga bwino, Asilamu analamulira malowa zaka zoposa 700, Spain zaka 242 kuchokera mu 1462, pomwe Britain wadutsa kale zaka 300.

Britain analowapo kudzera pa maliro a eni. Mfumu Charles II ya Spain inamwalira mu 1700 yopanda mwana, ndipo mpando anaulimbirana Philip, mdzukulu wa Louis XIV wa ku France, ndi Charles wa ku Austria. Mu Ogasiti 1704 zombo za England ndi Netherlands, motsogozedwa ndi George Rooke, zinalanda Gibraltar m'dzina la Charles wa ku Austria, osati la England. Pafupifupi nzika zonse, anthu ngati 4,000, zinatuluka ndi zikalata za mzinda nkukakhazikika ku San Roque, makilomita ochepa kumtunda.

Nkhondo inatha ndi pangano la Utrecht mu 1713, ndipo phata la mkangano wonse lili mu ndime 10 ya panganolo. Spain anapereka kwamuyaya mzinda, nyumba yachitetezo, doko ndi malinga. Koma anaikapo mfundo zomangira: zaperekedwa popanda ulamuliro pa dera lozungulira, pasakhale njira yotseguka yapamtunda yolumikiza ndi Spain, Ayuda ndi Asilamu asaloledwe kukhalamo, ndipo Britain akadzafuna kugulitsa kapena kupereka malowa, woyamba kufunsidwa akhale Spain. Mapu osonyeza malire sanajambulidwe.

Kusowa kwa mapuko kunabala milandu iwiri. Woyamba ndi wa kamtunda kamchenga kolumikiza thanthwe ndi Spain, komwe panganolo silikutchula nkomwe. Poyamba kanali malo opanda mwini pakati pa mizinga ya mbali ziwiri. Miliri itabuka mu 1815 ndi 1854, Angerezi anamangapo misasa ya othawa matenda ndi odwala, ndipo mliri utatha sanabwererenso m'mbuyo. Mu 1909 anamaliza kumanga mpanda wachitsulo, kenaka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anayala bwalo la ndege pamenepo, nalitalikitsa kulowa m'nyanja ndi miyala yofukulidwa m'thanthwe. Britain amati wakhala pamalopo nthawi yaitali mosadukiza, choncho ndi pake. Spain amati analanda mwakachetechete, ndipo nchifukwa chake boma lake limakonda kunena kuti "mpanda" m'malo moti "malire". Pamfundo iyi Spain ali ndi poimira polimba kuposa pa zina zonse.

Wachiwiri ndi wa madzi. Britain amati dera lililonse la m'mbali mwa nyanja limakhala ndi madzi ake, ndipo amawerenga mpaka mamailosi atatu a panyanja. Spain amati anapereka madzi a m'doko basi. Nchifukwa chake maboti a apolisi a mbali ziwirizi amapingasana kawirikawiri. Mu 2013 boma la Gibraltar linaponya m'nyanja zibuma za konkire pafupifupi 70 kuti nsomba ziziswana, asodzi a ku Spain nkudandaula kuti makoka awo sangadutsenso. Spain anabwezera pokhwimitsa chipikisheni pachipata, magalimoto nkumaima pamzere maola angapo.

Nkhondo yokha Spain anaiyesa, inakanika. Kuzinga kwakukulu kunali kwa 1779 mpaka 1783, mothandizana ndi France. Pa 13 Sepitembala 1782 anabweretsa zombo 10 zokutidwa ndi matabwa ochindikala, zodzaza mizinga, koma asilikali a Britain otsogozedwa ndi George Eliott ankawotcha zipolopolo za mizinga mpaka kufiira asanaombere, ndipo zombozo zinapsa. Nthawi yomweyo mpomwe anayamba kuboola thanthwe kuti aikemo mizinga. Lero njira za mkati mwake zimakwana makilomita oposa 50.

Mfundo yoletsa Ayuda ndi Asilamu sinakhalitse, chifukwa chipata cha Spain chikatsekedwa asilikali ankadya za ku Morocco, ndipo obweretsa chakudyacho anali amalonda omwewo. Pang'onopang'ono kunadzaza anthu ochokera ku Genoa, Malta, Portugal, Morocco, Britain, India ndi Spain yemweyo, nkukwatirana. Zidzukulu zawo ndizo zambiri mwa nzika zoposa 30,000 za lero, zomwe zimayankhula Chingerezi, Chisipanishi ndi chosakaniza chawochawo chotchedwa Llanito. Mu 1940 anthu wamba pafupifupi 16,000 anasamutsidwira ku London, Madeira ndi Jamaica kuti thanthwe litsale la asilikali, ndipo omaliza anabwerera mu 1951. Kulimbana kofuna kubwerera kwawoko nkomwe kunalimbitsa ndale zawo.

Ku United Nations, komwe Gibraltar ali pamndandanda wa madera osadzilamulira kuyambira mu 1946, mbali ziwirizi zinagwira mfundo zosiyana za nkhani yothetsa utsamunda. Britain amati anthu okhalamo asankhe okha. Spain amati dziko lake linadulidwa, ndipo anthuwo anachita kubweretsedwa eni ake atachoka. Mu 1967 msonkhano waukulu wa bungweli unakomera Spain, koma pa riferendamu ya pa 10 Sepitembala chaka chomwecho anthu 12,138 anasankha Britain, 44 okha Spain. Mu malamulo oyendetsera Gibraltar a 1969 Britain analonjeza kuti sadzawapereka kwa dziko lina iwo asakufuna.

Francisco Franco, yemwe ankalamulira Spain, anayankha potseka chipata mu Juni 1969, nadula mafoni ndi sitima yopita ku Algeciras, mzinda wa Spain wa kutsidya kwa gombe. Anthu a ku Spain pafupifupi 5,000 ogwira ntchito ku Gibraltar, ambiri a m'tauni ya La Línea, ntchito inawathera pomwepo, ndipo malo awo anatenga a ku Morocco. Achibale ankafuulirana nkhani za maliro ndi za ana obadwa ataima kutali ndi mpanda. Chipata chinatsegulidwa kwa oyenda pansi mu Disembala 1982, ndipo kotheratu mu Febuluwale 1985, Spain ali pafupi kulowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya. Franco ankayesa kuti anthuwo atopa nkugonja, koma m'malo mwake kunakula mbadwo wosakhulupirira Madrid. Mu 2002, Britain ndi Spain atayamba kukambirana zolamulira limodzi, anthu 17,900 anakana, 187 okha nkuvomera. Morocco nayenso sasiya kukumbutsa Spain kuti akusunga Ceuta ndi Melilla kugombe la Africa. Spain amayankha kuti mizindayo ndi mbali ya dziko lake kuyambira kalekale, si madera a utsamunda.

Voti ya Brexit ya 2016, yoti Britain atuluke mu European Union, inaika Gibraltar pakona. Anthu 19,322 anafuna kukhalabe mu European Union, 823 okha kutuluka, koma anatuluka limodzi ndi Britain. Vuto linali loti anthu ngati 15,000 amaoloka tsiku ndi tsiku kukagwira ntchito m'zipatala, m'mahotela, pa zomangamanga ndi m'makampani a inshuwalansi ndi a juga ya pa intaneti. Kudinda pasipoti ya aliyense m'mawa uliwonse kukanaimitsa chuma cha mbali zonse ziwiri.

Pa 11 Juni 2025 Britain, Spain, European Union ndi boma la Gibraltar lotsogozedwa ndi Fabian Picardo analengeza kuti agwirizana mfundo zikuluzikulu. Chipikisheni cha anthu ndi katundu chichoke pachipata chapamtunda, chisamukire ku bwalo la ndege ndi kudoko, komwe wofika aziyang'aniridwa kawiri: ndi a Gibraltar, komanso ndi apolisi a Spain moimira maiko a Schengen, omwe anthu amayenda pakati pawo popanda chipikisheni cha pamalire. Gibraltar, yemwe sanakhalepo ndi VAT, anavomera kuika msonkho pa katundu woyambira pa 15 peresenti nkudzakwera kufika 17, poyankha dandaulo lakale la Spain la katundu wotchipa, makamaka fodya, wozembetsedwa kudutsa mpanda. Pa za umwini wa thanthwe, kamtunda kamchenga ndi madzi, anagwirizana kuti mbali iliyonse ikhalabe ndi zonena zake.