Mankhwala a ng'ombe amathera m'munda mwanu

Ng'ombe ikabayidwa ivermectin wophera njoka za m'mimba, gawo lalikulu la mankhwalawa limatuluka ndi ndowe lidakali ndi mphamvu. Kwa masabata angapo ndowe zimenezi zimapha mphutsi za tizirombo tija timakunkhuniza ndowe n'kuzikwirira pansi. Kafufuzeni kudambo: ndowe zabwino zimakhala zobookabooka kunsi, koma za ng'ombe yobayidwa kumene nthawi zambiri zimangouma gwa ngati phale. Zikatero chonde sichilowa m'nthaka, ndipo msipu wa pamenepo umafa.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, chifukwa manyowa a m'khola ndiwo timadalira pa mbatatesi ndi m'madimba.

Cholakwika chachikulu n'kubaya mongoyerekeza. Ivermectin wa 1% amafunika mililita imodzi pa makilogalamu 50 alionse. Ng'ombe ya makilogalamu 250 ilandire mamililita 5, osapitirira. Iyezeni pachifuwa ndi tepi yoyezera kulemera kwa ziweto. Kuwonjezera sikuchiritsa msanga, kumangochulukitsa mankhwala m'ndowe. Komanso musabaye khola lonse chifukwa cha thole limodzi lowonda. Ndowe za ziweto zobayidwa muziunjike pazokha, pamalo pomwe madzi a mvula sangazikokolole, ziwole miyezi itatu mukumazitembenuza. Chitaninso chimodzimodzi mukabaya oxytetracycline, mankhwala opha mabakiteriya, amene amakakamira dothi lamakande n'kuthandiza tizilombo toyambitsa matenda kuzolowera mankhwala.

Chodetsa nkhawa koposa ndi madzi a dibi. Nkhupakupa tiyenera kuzipha, chigodola chingatithere ng'ombe, koma mankhwala a dibi a cypermethrin ndi deltamethrin amapha nsomba ndi njuchi ngakhale atasungunulidwa kwambiri. Kupopera ng'ombe m'mphepete mwa mtsinje, poti madzi ali pafupi, n'kuthira poizoni m'madzi omwe anzathu akumunsi amatunga, ndipo ambiri mwa madzi athu amakagwera m'mitsinje ya Revúbuè ndi Zambezi. Poperani pamtunda, mamita 100 kapena kuposerapo kuchokera ku chitsime, mjigo kapena dambo, ndipo osati mvula ikulendewera. Sungunulani okwanira tsikulo basi. Madzi otsukira pampu athiridwe m'dzenje lotchingidwa ndi mpanda, lokumbidwa pomwe madzi apansi ali kutali.

Botolo likatha, litsukeni katatu, madziwo muthire mu pampu, kenako libooleni kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Mankhwala otha ntchito musawakwirire. Funsani alangizi a ziweto ku ofesi yoona za ulimi ndi chuma (SDAE) ya boma lanu za komwe mungawapereke.