Khansa ya m'mawere: zovuta za mankhwala ndi kadyedwe ka mayi amene akulandira thandizo

Khansa ya m'mawere imachizika ikapezeka msanga, mayi n'kumaliza thandizo lonse limene madokotala amukonzera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi matendawa, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nawo. Kupita kuchipatala mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira ndi zina mwa zifukwa zazikulu za imfazi. Amayi ena amasiya chifukwa mankhwala awazunza, nkumaganiza kuti akuwapha. Uthenga uno ndi wa inu mayi amene mwayamba thandizo, komanso abale amene akukudwazikani.

Mankhwala a m'diripi

Mankhwala a khansa a m'diripi, otchedwa chemotherapy, amaperekedwa nthawi zambiri pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Ntchito yake ndi kupha maselo amene amachulukana mofulumira, monga a khansa. Vuto n'lakuti maselo a tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi opanga magazi nawonso amachulukana mofulumira, ndiye nawo amakhudzidwa. Mavuto ambiri amachokera pamenepo.

Tsitsi limayamba kuthothoka pakatha milungu iwiri kapena itatu mutalandira diripi yoyamba. Mumadzuka m'mawa n'kulipeza papilo, kapena likutsalira m'chipeso. Zimawawa mumtima, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma limameranso mankhwala akatha, nthawi zina likubwera lofewa kapena losiyana mtundu ndi lakale. Ena amasankha kumeteratu lisanayambe kugwa. Mankhwala ofiira otchedwa doxorubicin amafiiritsa mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Si magazi ayi.

Nseru ili ndi mankhwala ake. Imwani monga anakuuzirani, osadikira kuti muyambe mwasanza. Ngati sakukuthandizani, auzeni anamwino, alipo ena amene angakusinthireni. Dzanzi la m'zala ndi m'mapazi, limene limabwera ndi mankhwala monga paclitaxel, linenedwe msanga, chifukwa dokotala akhoza kuchepetsa mlingo lisanakhazikike.

Kutentha thupi sikugonetsedwa

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa kuposa pena paliponse. Pakati pa masiku 7 ndi 14 mutalandira diripi, maselo oyera a magazi amatsika kwambiri ndipo thupi limasowa asilikali. Kamatenda kakang'ono kakhoza kufalikira m'magazi m'maola ochepa. Khalani ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi pakhomo. Kakafika pa madigiri 38, kapena mukunjenjemera ndi kuzizidwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakhale pakati pa usiku, ndipo mukafika nenani kuti muli pa chemotherapy. Musamwe paracetamol n'kugona kuti muona kukacha, chifukwa amangobisa chizindikirocho.

Thamangiraninso kuchipatala ngati mukubanika, mukusanza chilichonse ngakhale madzi, mukutsekula m'mimba kosalekeza, mukutuluka magazi osasiya, kapena mwendo umodzi watupa ndipo ukupweteka.

Opaleshoni, kuwotcha ndi mapiritsi

Madokotala akachotsa anabele a m'khwapa, mkono wa mbali imeneyo ukhoza kutupa, ngakhale patapita miyezi kapena zaka. Chitani mafizo amene anakuonetsani, pewani kudzicheka kapena kupsa pamkonopo, ndipo mphete ikayamba kuthina, kaneneni kuchipatala. Pothandizidwa ndi makina owotcha khansa, khungu la pamalopo limada, kuuma kapena kusupuka. Sambitsanipo ndi madzi ofunda pang'ono osakhula, ndipo musapakepo kanthu musanafunse. Makinawa sakusiyirani poizoni amene mungapatsire ana, akumbatireni.

Ngati khansa yanu ndi yodalira mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa msambo, mudzamwa mapiritsi monga tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 mpaka 10. Amabweretsa kutentha kwadzidzidzi m'thupi ndi thukuta la usiku. Kutaya magazi kumaliseche mosayembekezereka kukanenedwe. Musatenge mimba mukumwa tamoxifen kapena muli pa chemotherapy, ngakhale msambo utasiya. Kambiranani ndi dokotala za njira yolera yopanda mahomoni. Letrozole ndi anastrozole, amene amapatsidwa amayi oti anasiya kusamba, amapweteketsa molumikizana mafupa ndiponso amafewetsa mafupawo.

Zakudya

Palibe chakudya chimene chimachiza khansa. Ntchito ya chakudya ndi kukupatsani mphamvu kuti magazi akwere msanga ndipo diripi yotsatira isachedwe. Chofunika kwambiri ndi zakudya zomanga thupi: mazira, nsomba, nkhuku, nyemba, mtedza, mkaka. Yesetsani kuti pachakudya chilichonse pakhale chimodzi mwa zimenezi, limodzi ndi ndiwo zamasamba, zipatso ndi chakudya chopatsa mphamvu.

Pamasiku a nseru musalimbane ndi mbale yodzaza. Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Chakudya chozizira chimanunkhira pang'ono, ndiye chimalowa bwino kusiyana ndi chotentha, ndipo ngati n'kotheka aphike ndi wina inu muli patali ndi fungo. M'kamwa mukamamveka ngati mwatafuna chitsulo, yesani sipuni yapulasitiki. M'kamwa mukakhala zilonda, idyani zofewa, siyani tsabola ndi zowawasa, ndipo muzichukucha kangapo patsiku ndi madzi othira kamchere pang'ono. Imwani madzi pafupipafupi mpaka mkodzo uzioneka woyera.

Chitetezo chikatsika, ukhondo umasanduka mankhwala. Nyama ndi mazira zipse mpaka mkati, mkaka ukhale wowiritsa kapena wokonzedwa kufakitale, zipatso zitsukidwe ndi madzi abwino, ndipo zakudya zogona zitenthetsedwe mpaka zituluke nthunzi.

Mudzamva zambiri kwa okufunirani zabwino. Zoti shuga amadyetsa khansa ndiye musiye zonse zopatsa mphamvu, kapena kuti muzingomwa madzi a zipatso, zimangoondetsa munthu amene akufunika mphamvu. Maswiti ndi zakumwa zotsekemera muchepetse ndithu, poti kunenepa kwambiri mutachira kumawonjezera mpata woti matendawa abwerere. Mowa nawonso umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere, ndipo ndi bwino kuusiya. Mankhwala azitsamba ndi mavitamini ogula nokha akhoza kusokoneza mankhwala akuchipatala; ngakhale chipatso cha grapefruit chimasintha kagwiridwe ka ntchito ka mankhwala ena. Tengani botolo lililonse limene mwapatsidwa mukawaonetse adokotala musanamwe.

Kutopa kwa mankhwalawa sikutha ndi kugona kokha. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, kumachepetsa kutopako. Inu odwazika, sungani kabuku kolembamo tsiku la diripi iliyonse, kutentha kwa thupi, zimene mayi wadya ndi zimene akudandaula, ndipo muzipita nako kuchipatala ulendo uliwonse.