Chikande: duwa lam'thengo limene lidasanduka mkangano

Ikagwa chizimalupsa, pansi pa miombo ndi m'madambo a kumtunda kwa Nkhotakota mumayamba kutuluka timasamba tosalala. Pofika Januwale timakhala titachita maluwa oyera, ofiirira kapena achikasu. Akatswiri a zomera amati Disa, Satyrium ndi Habenaria, koma amayi amangodziwa kuti pansi pake pali chikande, chimene ena amati chinaka.

Kale chinali ndiwo ya pakhomo, makamaka kumpoto kwa dziko lino ndi ku Zambia. Timbatata take amatitsuka, kutiyanika n'kutisinja mumtondo. Mumphika mumayamba nsinjiro ndi madzi, makapu awiri kapena atatu a nsinjiro pa kapu imodzi ya chikande. Zikatentha amathira mchere ndi tsabola, kenako ufa wa chikande pang'onopang'ono akuvundula, pomaliza chidulo kapena soda. Chidulo chikachuluka chikande chimawawa. Nsinjiro zikaposa muyeso sichigwirana, chimangophwanyika podula. Chikasiya kumata mthiko amachisalaza, n'kuika makala pachivundikiro kuti chiume pamwamba.

Mkangano udabwera ndi msika. Anthu a m'matauni a ku Zambia atachikonda, ogula adayamba kuwoloka malire kukafuna timbatata ku Tanzania ndi ku Malawi. Dziko la Tanzania lidafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 pofuna kuteteza maluwawa.

Chovuta chili pa kameredwe kake. Chomera chimodzi chimakhala ndi kambatata kakale kofwapa ndi katsopano kolimba. Wokumba amafuna katsopanoko, komwe ndi moyo wa chaka chamawa. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda nkhungu ina ya m'nthaka imene imazidyetsa. N'chifukwa chake simungafese chikande ngati mpunga wa kilombero. Dambo likakumbidwa lonse, limatha zaka lili mbee.

Kuno ku Nkhotakota nkhaniyi imakumananso ndi mpanda wa nkhalango. Chiyambire 2015, pamene bungwe losamalira nyama zakuthengo la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota, malire ake amalonderedwa kwambiri, ndipo lamulo sililola kukumba chomera m'menemo popanda chilolezo. Khasu lonse tsono limathera m'madambo a kumudzi, amene alibe mlonda. Okumba osamala amadikira maluwa afote ndi njere ziyoyoke, amasiya zomera zina pamalo alionse, ndipo amakwirira dzenje asanachoke, kuti dzuwa la Okutobala lisaumitse timbatata totsalamo.