Likodzo ku Nkhotakota: mapiritsi amachiza, koma mjigo ndi chimbudzi ndi zomwe zimateteza

Uthengawu ndi wanu makolo, asodzi, alimi a mpunga, mafumu ndi makomiti a mijigo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Benga, kudutsa pa Chia ndi m'dambo la Bua, mpaka kukafika ku Dwangwa.

Mwana akamakodza, madontho omalizira n'kutuluka ofiira, dziwani kuti akudwala. Ambirife tinakula tikumva kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti watha msinkhu. Ena amati wadya nzimbe zambiri, enanso amati walumpha mkodzo wa munthu wodwala. Zonsezi si zoona. Limenelo ndi likodzo, ndipo amalitenga m'madzi.

Mmene limayendera

Munthu wodwala akakodzera m'nyanja, mumtsinje kapena m'munda wa mpunga wodzaza madzi, mkodzowo umatuluka ndi mazira ambirimbiri osaoneka ndi maso. Mazirawo amaswa m'madzimo, tizilombo take n'kukalowa mu nkhono zing'onozing'ono zomwe zimakhala m'bango, m'udzu wa m'madzi ndi m'malo osaya. M'nkhonomo timaswana, kenako pakatha masabata angapo timatuluka tambirimbiri, makamaka dzuwa likafika paliwombo, nthawi yomwe ana amathamangira kukasambira. Sitidikira kuti munthu amwe madziwo. Timaboola khungu, pamwendo kapena padzanja, munthu osamva kanthu kupatula kuyabwa pang'ono. Tikalowa timakula kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo zimatha zaka zingapo zikuikira mazira. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, koma ambiri amakanirira m'thupi, ndipo amenewa ndiwo amapweteka munthu.

Palinso mtundu wina wa likodzo wogwira m'matumbo ndi chiwindi. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo wodwala amamva m'mimba kupweteka, kutsegula m'mimba, nthawi zina chimbudzi chosakanikirana ndi magazi.

Asodzi mudziwe ichi: akatswiri omwe anafufuza ku Chembe m'boma la Mangochi anaona kuti nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chokoka makoka m'malo osaya. Neti yogonamo ikasanduka khoka, mudzi umaluza kawiri, ku malungo ndi ku likodzo komwe.

Chomwe limachita m'thupi

Mwana wa likodzo amachepa magazi, amangofooka, m'kalasi n'kumasinza, kakulidwe kake n'konyentchera. Akakhala nalo zaka zambiri osalandira mankhwala, chikhodzodzo ndi impso zimawonongeka, ndipo ena akakula amadwala khansa ya chikhodzodzo. Kwa abambo limatha kutulutsa magazi mu umuna.

Koma nkhani yomwe imatiwawa kwambiri ife ogwira ntchito zaumoyo ndi ya amayi ndi atsikana. Mazira aja amakakhalanso m'njira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero, n'kupanga tizilonda. Mayi amamva kuyabwa, amatuluka chikazi chachilendo, amamva ululu pogonana kapena kutuluka magazi akatha kugonana, ndipo ena amavutika kutenga pathupi. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Choncho mtsikana amene sanagonepo ndi mwamuna amatha kunenedwa kuti ndi woyendayenda, banja limatha kugwedezeka, pomwe cholakwa chake n'choti amachapa ndi kutsuka mbale kunyanja tsiku ndi tsiku chifukwa kwina kulibe. Tizilonda timeneti timachititsanso kuti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta. Mayi, mukapita kuchipatala ndi vuto lotere, musachite manyazi kuwauza adokotala kuti mumachapa kunyanja kapena mumalima mpunga, kuti aganizirenso za likodzo. Inu abambo, musanayambe kuloza chala, aperekezeni akazi anu kuchipatala.

Mankhwala alipo

Dzina lake ndi praziquantel, ndipo m'zipatala za boma simulipira. Amaperekanso m'masukulu ndi m'midzi pa nthawi ya kampeni, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi amakuyeza potengera kutalika kapena sikelo ya munthu. Mwana ayambe wadya kaye phala, mbatata kapena nsima ya kondowole asanamwe, chifukwa m'mimba mopanda kanthu mankhwalawa amachititsa nseru ndi chizungulire. Zimenezi zimatha zokha, musabise ana m'nyumba tsiku la kampeni chifukwa cha mphekesera. Mayi woyembekezera ndiponso mwana wosafika zaka 5 apite kuchipatala kuti akawaone kaye. Mukapita kokayezetsa mkodzo, nthawi yabwino ndi pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pomwe mazira amatuluka ambiri. Ngati chipatala chili kutali, yambani mwafunsa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni.

Komatu mapiritsiwa amangopha nyongolotsi zomwe zili kale m'thupi. Si katemera. Mwana akamwa Lolemba, Lachiwiri n'kubwerera m'madzi omwe aja, tizilombo tatsopano timalowanso.

Apa ndi pomwe pagona nkhani

Kuuza mayi wa m'mbali mwa Chia kuti asamapite kunyanja n'kosavuta, koma akachapira kuti? Madzi a m'mipope a Central Region Water Board amathera pa boma ndi m'matauni. Mudzi wa kutali ndi msewu wa M5 umadalira mjigo, ndipo mjigo ukafa, anthu onse amatsikira kunyanja ndi kumitsinje. Muyezo wa boma ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250 ndipo usatalikire kupitirira mamita 500 kuchokera pakhomo. Mfumu iliyonse iwerenge anthu ake, iyerekeze ndi mijigo yomwe ikutulutsa madzi lero, osati yomwe inakumbidwa kale n'kungokhala ngati chipilala. Ngati siikukwana, nkhaniyo ilembedwe, ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ikwere ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) mpaka ku khonsolo, ndipo muziitsatira. Madzi abwino si mphatso yoti muzichita kugwadira munthu. Ndi choyenera mudzi uliwonse, ngakhale womwe galimoto siifika nthawi ya dzinja.

Mijigo yambiri m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev. Inapangidwa mwadala kuti anthu a m'mudzi azitha kuimasula okha ndi sipanala, ndipo kawirikawiri chomwe chimafa ndi marabala ndi tizitsulo tina totha msanga, zomwe mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kukumba mjigo watsopano. Komiti izitolera ndalama mwezi ndi mwezi madzi akutuluka, osadikira tsiku lomwe chigwiriro chayamba kupepuka. Ndalamazo zilembedwe m'kope ndipo ziziwerengedwa pamsonkhano, pakuti anthu akangokayikira msungichuma amasiya kusonkha. M'komitimo amayi asachepe, ndiwo amayamba kumva mjigo ukasintha kulira. Vuto likakula, monga mapaipi kuphulika kapena marodi kugwera pansi, itanani makaniko wa m'dera wophunzitsidwa.

Chinthu china chomwe chimaiwalika pokumba mjigo ndi malo ochapira. Mjigo wopanda chochapira umathetsa ludzu, koma zovala, mapoto ndi ana zimapitabe kunyanja. Mudzi ukhoza kuumba njerwa, kututa mchenga, n'kusonkha ya simenti. Mumange chochapira chapatali pang'ono ndi mjigo, chokhala ndi ngalande yopita m'dzenje la miyala kuti madzi asadikhe.

Pamene mukudikira mjigo, madzi osamba otunga kunyanja kapena kumtsinje asiyeni m'ndowa masiku awiri musanawagwiritse ntchito, chifukwa tizilombo ta likodzo sitikhalitsa tikasowa munthu wolowa. Mukafuna kusamba tsiku lomwelo, awiritseni kaye. Akumwa okha kuwagoneka sikokwanira: wiritsani, kapena thiranimo klorini kapena WaterGuard monga momwe alangizi akuuzirani, n'kudikira mphindi 30. Kolera yomwe inayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la omwe analira maliro ambiri. Olima mpunga amene angakwanitse, avale majombo akamawokera ndi kupalira.

Chimbudzi

Nkhono payokha ilibe likodzo. Imalitenga kwa munthu. Mudzi wonse utasiya kukodzera ndi kuchita chimbudzi m'madzi, unyolo wonsewu ukhoza kuduka. Tikudziwa kuti kumchenga zimbudzi zimagumuka mvula ikangoyamba, ndipo bambo amene wakumba kawiri n'kugwa amataya mtima. Dzenje la pamchenga limafuna kumangira mkati ndi njerwa kuyambira pansi, likhale lozungulira osati la makona, ndipo pamwamba pakwezedwe kuti madzi othamanga asalowemo. Likhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo kapena chitsime, kumunsi kwake. Panja pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa.

Pa doko ndi pomwe pamavuta kwambiri. Pamasonkhana asodzi, ogula usipa ndi oyanika nsomba ochokera kutali, ambiri alibe nyumba pafupi, ndipo kukacha aliyense amalowera kubango. Komiti ya pagombe ikhale pansi ndi amfumu, agwirizane zomanga zimbudzi za pa doko, za amuna pazokha ndi za akazi pazokha, komanso asankhe woti azizisamala ndi momwe azilipidwira. Ana aang'ono auzeni kuti azikodza kaye kuchimbudzi asanatsikire kunyanja, ndipo aphunzitsi abwereze zomwezo kusukulu sabata yomwe mankhwala akubwera.