Ayi, tirigu wamakono amamera ukamubzalanso

Kwa zaka zambiri kuno ku Harare ndakhala ndikumva anzathu akunena kuti tirigu wamakono yense ndi wa haibulidi, ndipo ukasunga mbewu yake siimera. Zimenezi si zoona, ndipo ndatopa nazo chifukwa zikusocheretsa alimi.

Duwa la tirigu lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi pamodzi, choncho kawirikawiri limadzipatsa lokha mungu. N'chifukwa chake kupanga tirigu wa haibulidi n'kovuta kuposa chimanga, chomwe umangothyola ngayaye basi. Pofuna kukwatitsa mitundu iwiri ya tirigu, akatswiri amayamba aletsa mtundu wachikazi kupanga mungu, kenako n'kufunafuna mtundu wachimuna wotaya mungu wambiri kunja kwa duwa. Khalidweli limayendetsedwa ndi majini (tizinthu ta m'thupi totengera kwa makolo) ambiri, ndipo munguwo umafa msanga, sufika patali.

Motero tirigu wambiri wolimidwa padziko si wa haibulidi. Ngakhale wa haibulidiyo amamera, kungoti mbewu yobwereza imatuluka yosiyanasiyana, zokolola n'kutsika.

Yesani nokha: kulungani njere 20 m'kansalu konyowa, muwerenge zomwe zamera pakatha sabata. Werenganinso zolembedwa pathumba la mbewu, kapena funsani mlangizi. Chonde, musanatsimikize, musatumizire anzanu mauthenga onena kuti tirigu wamakono samera.