Mmene Chichewa Chinalowera pa Yunivesite ku Zomba, Ziyankhulo Zina Zitatsala Pakhomo

Chaka chilichonse pa 21 Febuluwale, tsiku lokumbukira ziyankhulo za makolo padziko lonse, mkangano wakale umadzukanso pawailesi ndi m'nyuzipepala, wakuti kodi n'koyenera kuti mwana wa Sitandade 1 aziphunzitsidwa m'Chingerezi monga linalamulira lamulo la maphunziro la 2013. Kumbuyo kwa mkanganowu kuli funso lina limene makolo amafunsa mwana wawo akasankha kukachita digiri ya ziyankhulo za mu Africa ku Zomba, lakuti adzadya chiyani ndi chiyankhulo chimene anayamwira kubere. Kuti timvetse mafunso awiriwa tiyenera kubwerera kumene maphunzirowa anachokera, chifukwa sanayambe ngati maphunziro a ziyankhulo zonse za m'Malawi ayi, anayamba ndi chiyankhulo chimodzi.

Mu Seputembala 1968, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party umene unachitikira ku Lilongwe unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, kuti chikhale chiyankhulo cha fuko lonse pambali pa Chingerezi, ndiponso kuti ziyankhulo zina zizigwiritsidwa ntchito kunyumba ndi kumudzi basi. Chimene chinapwetekedwa kwambiri chinali Chitumbuka. Kuyambira nthawi ya mishoni ya Livingstonia, ana a kumpoto ankaphunzira kuwerenga m'Chitumbuka, mabuku analipo, ndipo chinkamveka pawailesi. Chigamulochi chitangoperekedwa, Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa MBC, kotero mwana wa ku Rumphi anayenera kuyamba sukulu m'ziyankhulo ziwiri zimene agogo ake sankamuyankhula nazo.

Kwa Kamuzu Banda, nkhani ya Chichewa inali yapamtima. Ali mnyamata pa sukulu ku Chicago, anathandiza katswiri wa ziyankhulo Mark Hanna Watkins, amene mu 1937 anasindikiza buku la galamala ya Chichewa lochokera pa kayankhulidwe ka Banda yemweyo, ka ku Kasungu. Atakhala mtsogoleri wa dziko, sanasiye kudziona ngati mwini wake wa chiyankhulocho. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board kuti likonze malamulo a kalembedwe ndi kulemba mtanthauziramawu, ndipo iye mwini ankadzudzula poyera Chichewa chimene ankachiona kuti n'chosakanizika, mpaka kukaima pamaso pa ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College kuwafotokozera za Chichewa chenicheni. Kolejiyi inali itasamuka ku Chichiri mu Blantyre kupita ku Zomba mu 1973, ndipo m'zaka za m'ma 1970 zomwezo munabadwa dipatimenti ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo. Sam Mchombo, amene anatenga digiri ya udokotala ku London mu 1978, ndiye anaimanga ndi kuitsogolera asanapite ku America mu 1984.

Pano m'pamene olemba mbiri amasiyana. Oikira kumbuyo chigamulo cha 1968 amaloza kalembera wa 1966, amene anasonyeza kuti pafupifupi theka la anthu ankayankhula Chichewa kunyumba ndipo atatu mwa anayi alionse ankachimva. Iwo amati dziko longolandira kumene ufulu linkafunika chiyankhulo chimodzi chogwirizanitsa anthu, ndipo mfundoyi si yopeputsa. Koma Leroy Vail ndi Landeg White, polemba mu 1989, anaona chigamulochi ngati njira yokwezera mtundu umodzi pamwamba pa ina, ndipo akatswiri a kuno kwathu monga Pascal Kishindo ndi Gregory Kamwendo analembanso zambiri za bala limene linatsala kumpoto. Ine ndikaika maumboniwa pamodzi ndimaona kuti kalemberayo akufotokoza chifukwa chake Chichewa chinasankhidwa, koma sakufotokoza chifukwa chake Chitumbuka chinayenera kutsekedwa pakamwa. Kukweza chimodzi kunali kotheka popanda kugwetsa chinzake.

Tisaiwalenso kuti dipatimentiyo inabala zipatso zenizeni. Inaphunzitsa aphunzitsi a Chichewa a m'sukulu za sekondale, ndipo kafukufuku wa Mchombo ndi Joan Bresnan wa mu 1987, komanso wa Al Mtenje pa kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu, anachititsa Chichewa kudziwika kwa akatswiri a ziyankhulo kutali ndi Malawi. Chodabwitsa n'chakuti Banda yemweyo atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, koma Chichewa sichinapatsidwe malo. Makolo amene lero amakayikira digiri ya ziyankhulo za kwathu anaphunzira kukayikako kwa akuluakulu a dziko.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, zinthu zinasintha mofulumira. Bakili Muluzi anabwezera Chitumbuka pawailesi chaka chomwecho, ndipo mu 1996 nkhani zinayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, kenaka pambuyo pake m'Chitonga. Chichewa Board inathetsedwa, m'malo mwake yunivesite inakhazikitsa Centre for Language Studies mu 1996, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ntchito imene bungwe lakale lija silinaimalize. Dipatimenti nayo inasiya dzina la Chichewa n'kutenga la ziyankhulo za mu Africa, kusintha kooneka kochepa koma kotsegula khomo limene linakhala lotseka kwa zaka zambiri.

Lero wophunzira wochokera ku Nsanje, ku Mangochi kapena ku Karonga angathe kufufuza Chisena, Chiyao kapena Kyangonde n'kulandira nacho digiri ku Zomba. Komabe amafika kumeneko atadutsa sukulu imene sinamuphunzitse kulemba chiyankhulo chakecho ngakhale tsiku limodzi, pakuti pa mayeso a MSCE chiyankhulo cha m'Malawi chimene chimalembedwa ndi Chichewa chokha, ndipo chimene chimamulowetsa ku yunivesite ndi kukhoza Chingerezi. Kafukufuku wake wa miyambi ya agogo ake amaulembanso m'Chingerezi.