Chibotolo cha omira m'madzi si cha oksijeni

Ambiri kuno ku Dedza, akaona zithunzi za alendo akumira ku Maldives kapena pachilumba cha Mumbo, amati chibotolo chakumsanacho n'chodzadza ndi oksijeni wa kuchipatala uja. Ayi ndithu. Muli mpweya womwe tikupumawu, wopanikizidwa basi: oksijeni ndi 21 peresenti, wochuluka ndi naitrojeni. Oksijeni yekhayekha amatha kukomola munthu akapitirira mamita 6 kuya.

Wovuta ndi naitrojeniyo. Pansipo amalowerera m'thupi, ndipo mukakwera mothamanga amachita thovu m'magazi. Thovulo limabweranso mukapita pamalo okwera kwambiri mutangovuuka, n'chifukwa chake womira sakwera ndege maola 12 asanathe. Ifenso zikutikhudza: nyanja ya Malawi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 kuchokera panyanja yamchere, Dedza pa 1,600. Kuvuuka ku Cape Maclear n'kukwera Khwekhwelere tsiku lomwelo n'kuika moyo pachiswe. Gonani kunyanja komweko kaye.